Yankho kwa mayi amene mphaka wake akuyenda chokhwekhwereza

Amayi, mwafunsa chifukwa chake mphaka wanu, amene anapezeka ndi matenda a shuga, wayamba kulephera kudumphira pampando ndiponso akuponda pansi ndi zidendene za miyendo yakumbuyo m'malo moyendera zala.

Zimenezi zimachitika shuga akakhala wokwera m'magazi kwa nthawi yaitali, chifukwa amawononga mitsempha yotumiza mauthenga ku minofu, ndipo imene imayamba kufooka ndi ya miyendo yakumbuyo. Komabe mupite naye kwa dokotala wa ziweto kuti akamuyeze magazi, popeza kuchepa kwa mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu nakonso kumafooketsa mphaka.

Shuga akatsika bwino, amphaka ambiri amayambiranso kuyenda, ngakhale kuti zimatenga milungu kapena miyezi. Nthawi zambiri jakisoni wa insulini, mankhwala otsitsa shuga, amabayidwa pa maola 12 alionse, ndipo musawonjezere mlingo panokha, chifukwa shuga akatsika kwambiri mphaka amanjenjemera mpaka kukomoka. Insulini imafunika kukhala pozizira, choncho ndi mmene magetsi amazimira kuno ku Harare, muzisungiratu mabotolo a madzi oundana mufiriji.

Padakali pano, muikireni mbale zake pansi, ndipo pasimenti poterera muyalepo chiguduli.