Mwana wolephera mapu: yambirani pa Cairo Road

Amayi, mwafunsa kuti mumuthandize bwanji mwana wanu wa giredi 10 amene akulephera mafunso a mapu mu Geography, chonsecho mawu monga plateau, escarpment ndi contour amawaloweza bwinobwino. Ine ndine mphunzitsi wa phunziro limeneli, ndipo ndikukutsimikizirani kuti mutu wa mwanayo uli bwino. Chimene chikusowa n'chakuti sanaone kuti mawu amenewa akunena za nthaka imene amaiponda tsiku ndi tsiku. Pamenepa inu mukhoza kumuthandiza kwambiri, ngakhale simunaphunzire Geography.

Yambani ndi mbali zinayi za dziko, m'tauni mwathu momuno mu Lusaka. Cairo Road inagona kuchokera kumpoto kupita kum'mwera. Ku Kabwe roundabout ndi kumpoto, kumene kumalowera mabasi a ku Kabwe ndi ku Copperbelt. Ku Kafue roundabout ndi kum'mwera. Great East Road, dzina lake likunena lokha, imapita kum'mawa, ndipo msewu wa ku Mumbwa ndi ku Mongu umaloza kumadzulo. Muzimufunsa mukamayenda: Chawama ili mbali iti ya tauni? Nanga Chelstone? Nanga Matero, imene ili pakati pa kumpoto ndi kumadzulo? Pa mapu ambiri kumpoto kumakhala kumtunda kwa pepala, koma azizolowera kuyamba wafufuza kamuvi kosonyeza kumpoto asanayankhe chilichonse.

Chachikulu kwambiri kwa ine ndi kukwera ndi kutsika kwa dziko, chifukwa Zambia yonse imamveka ndi chinthu chimenechi. Lusaka ili pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere. Sitiona kuti tili pamwamba chifukwa dzikolo ndi lathyathyathya mtunda wautali, ndipo imeneyo ndiye plateau: malo okwera koma osalala. Gawo lalikulu la dziko lathu ndi lotere. Munthu akamakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 ndi theka, n'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi kuno timavala majuzi ngakhale tili m'dera lotentha la dziko lapansi.

Ngati mwanayo anapitako kumudzi ku Chipata kapena ku Katete, phunziro lonse analiona pawindo la basi. Mukadutsa Chongwe ndi Rufunsa msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri, basi n'kumatsika mpaka pa Luangwa Bridge, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Aliyense amavula juzi pamenepo. Kenako basi imakweranso kulowera ku Nyimba ndi ku Petauke. Mtsetse waukulu umene umatsitsa munthu kuchoka pa plateau kulowa m'chigwa ndiwo escarpment. Wa ku Chirundu ndi woopsa kwambiri, madalaivala a mathiraki amaudziwa, ndipo pansi pake pa Zambezi mwatsika kufika mamita 400 okha. Chigwa cha Luangwa sichinakumbidwe ndi madzi okha. Nthaka inang'aluka kalekale, gawo lapakati n'kutitimira, ndipo chigwa chopangika motero ndicho rift valley. Khoma lake la kumadzulo ndi Muchinga Escarpment.

Ndiye mwana akafunsidwa za zigawo za dziko la Zambia, aganize masitepe atatu. Pamwamba pali mapiri a kumpoto chakum'mawa, monga a Mafinga kumalire ndi Malawi, amene amapitirira mamita 2,300. Pakati pali plateau pamene tikukhala ambirife. Pansi pali zigwa zotentha za Luangwa ndi Zambezi, ndipo malo otsikitsitsa ndi pamene mitsinje iwiriyi imakumana, mamita 329. Pa plateau pomwepo palinso madambo aakulu amene amasefukira chaka ndi chaka, monga Kafue Flats ndi chigwa cha Barotse. Mwambo wa Kuomboka ndi Geography yeniyeni: madzi a Zambezi akadzadza, Litunga, mfumu ya Alozi, amasamuka ku Lealui kupita ku Limulunga kumene kuli kokwera.

Za mitsinje ndinene chimodzi chimene ana amachikonda. Mvula yogwa ku Lusaka ikatsata Kafue kapena Chongwe imakalowa mu Zambezi, n'kukathera mu Indian Ocean ku Mozambique. Koma yogwa ku Kasama imatsata Chambeshi, madambo a Bangweulu, Luapula, nyanja ya Mweru, mpaka mtsinje wa Congo ndi Atlantic Ocean. Mtunda umene umagawa madzi motere ndiwo watershed.

Tsopano ma contour, pamene ambiri amagwera. Pepala ndi lathyathyathya, phiri ndi lotumphuka, ndiye wojambula mapu amasonyeza kukwera kwa malo ndi mizere. Mzere uliwonse umalumikiza malo onse amene ali pa msinkhu umodzi. Kufotokoza ndi pakamwa sikukwanira, chitani izi kukhitchini. Tengani mbatata yaikulu, muidule pakati, muike mbali yodulayo papepala kuti ikhale kaphiri, mwana ailembe mozungulira ndi pensulo. Dulani kagawo kapansi kokhuthala sentimita imodzi, bwezerani chotsalacho pakati pomwepo, alembenso. Pitirizani mpaka pansonga. Papepala padzatsala mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, ndipo adzaona yekha kuti kumene mbatata inali yotsetsereka kwambiri mizere yathinana, kumene inkatsika pang'onopang'ono yatalikirana. Lamulo lonse ndi limenelo. Muwonjezere ziwiri zokha: aziyamba wawerenga m'munsi mwa mapu kuti pakati pa mzere ndi mzere pali mamita angati, ndiponso adziwe kuti mizere ikamadutsa mtsinje imapindika n'kupanga chilembo V chimene nsonga yake imaloza kumene madzi akuchokera. Funso loti mtsinje ukuyenda kulowera kuti limayankhidwa ndi V ameneyo.

Sikelo ndi masamu ochepa chabe. Mapu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mafunso otere ndi a 1:50,000. Tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi papepala ndi masentimita 50,000 pansi, amene ndi mamita 500. Choncho masentimita awiri ndi kilomita imodzi, ndipo kabokosi kalikonse ka pamapupo ndi kilomita imodzi mbali zonse. Msewu wokhota asauyeze ndi rula mwachindunji. Agoneke ulusi motsata msewuwo, auwongole, kenako ayeze. Ukakwana masentimita 9, mtundawo ndi makilomita 4 ndi theka. Ana ambiri amataya mamakisi poiwala kulemba ngati yankho lili m'mamita kapena m'makilomita, ndipo zimandipweteka chifukwa ntchito yonse amakhala ataigwira bwino.

Pa grid reference, manambala osonyeza pamene malo ali pa mapu, cholakwika ndi chimodzimodzi chaka chilichonse, kutembenuza manambala. Ayambe ndi manambala a m'munsi mwa mapu, oyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako a m'mbali okwera m'mwamba. Akafuna manambala 6, agawe kabokosiko magawo khumi m'maganizo mwake mbali iliyonse. Latitude ndi longitude ndi nkhani yofanana koma ya dziko lonse lapansi: Lusaka ili pafupifupi madigiri 15 kum'mwera kwa equator ndi 28 kum'mawa kwa Greenwich.

Ndimafunitsitsa ana athu a mu Lusaka atamvetsa zimenezi chifukwa zimakhudza nyumba zathu. Mufunseni mwanayo chifukwa chimene ku Kanyama madzi amaima dzinja lililonse. Pa mapu adzaona kuti mizere ya contour kumeneko ndi yotalikirana kwambiri, kutanthauza kuti palibe mtsetse wokwanira wothamangitsa madzi. Pansi pa dothi lochepa pali thanthwe la laimu, mtundu wa mwala umene amapangira simenti ku Chilanga. Thanthweli lili ndi ming'alu ndi mapanga osunga madzi, ndipo mvula ikachuluka madzi a pansiwo amakwera kufika pamtunda. Ming'alu yomweyo ndi imene imalola zonyansa za m'zimbudzi kulowa m'zitsime, kolera n'kubuka. Mwana amene angafotokoze zimenezi ndi mapu m'manja wafika pamene tikumufuna.

Sabata ino ayambe ndi kujambula mapu a njira yochokera kunyumba kupita kusukulu, aikepo kamuvi ka kumpoto, zizindikiro za msika, tchalitchi ndi ngalande, ndi tanthauzo lake pambali. Pemphaninso aphunzitsi ake mapepala akale a mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso mu Zambia, pamodzi ndi mapu ake enieni, chifukwa ofotokopa akuda amabisa mizere ya contour, imene imakhala yabulauni, ndi mitsinje yabuluu. Akakanika pa funso lina, lijambuleni muliike muno, tidzaliona limodzi.