Achemwali, ndalama ya solayo musanapereke mundimvere kaye

Achemwali, ndawerenga zoti mukufuna kutenga ngongole mugule sola yoyendetsera filiza ya nkhuku, mtima wanga wagunda ngati ndi dzulo. Ndikulemba mwachangu ndili pa benchi kudikira makasitomala, ndiye mundikhululukire zikamadumphadumpha. Njira imeneyo ine ndinadutsamo ndipo ndinalira misozi yeniyeni.

Mukukumbukira Januwale wa 2022, namondwe Ana atagumula damu la ku Kapichira. Mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo anabwerera mu 2023. Ife amene geni yathu imadalira kuzizira tinaona zakuda. Nthawi imeneyo ndinkasunga nkhuku zoyera handiredi handiredi, kupha, kusosola, kuika mu filiza, kumagulitsa kwa amalesitilanti ndi apakhomo. Magetsi akachoka mbandakucha kubwera usiku, nkhuku zimafewa, kuumanso, kufewanso, kasitomala akangoona madzi ofiira m'pepala amabweza. Ndinathamangira jenereta. Miyezi ingapo inandithandiza, koma mu Meyi ndalama yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mafuta anakwera, kenako anasoweratu. Ndagonapo pa mzere ndi chigubu, kukucha akundiuza kuti zigubu sakuthira. Ndagulapo petulo wa m'mabotolo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, wina wosakaniza, jenereta kumangotsokomola. Nditakhala pansi ndi kope kuwerengera, ndinapeza kuti phindu la nkhuku iliyonse likuthera mu thanki. Ndipo simungangokweza mtengo wa nkhuku momwe mwafunira, chifukwa makampani akuluakulu ali ndi zawo m'mashopu, ukawonjezera pang'ono kasitomala amawoloka msewu. Kukwera kwa mafutako umakusenza ndiwe mwini geni.

Ndiye mu Okutobala ndinatenga ndalama ku banki mkhonde, chiwongola dzanja chake mukuchidziwa, ndinawonjezera ndi ya mpamba. Munthu wina wa ku tchalitchi anandilozera bambo wina amene ali ndi kashopu ka zamagetsi m'tauni. Bamboyo wolankhula bwino, malaya opita m'kati, "mayi musadandaule, izi ndi zochokera kunja zenizeni, filiza yanu iziyenda usana ndi usiku, magetsi mudzawaiwala." Anabwera ndi anyamata awiri, mapanelo awiri padenga, mabatire awiri akuluakulu olembedwa 200Ah, inveta (kabokosi kosintha magetsi a m'batire kuti ayendetse filiza) kukhoma. Tsiku limodzi ntchito yatha. Sanandifunse kuti filiza yanga imadya bwanji, sanayang'ane ngakhale kachipepala kakumbuyo kwake. Lisiti analemba pa pepala wamba, waranti anati ndi ya pakamwa poti ndife abale mwa Ambuye. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala dzuwa likuswa mtengo, zinthu zinkayenda ndithu, ine mpaka ndinamutamanda kwa anzanga awiri, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero chifukwa mmodzi anakagula.

Disembala ndinalandira oda ya ukwati, nkhuku 70. Anandipatsa theka la ndalama. Lachiwiri tinapha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ine, mwana wanga wamkazi ndi amayi awiri aganyu, madzi akuwira pa mbaula, nthenga mpaka m'tsitsi. Tinaziika mu filiza madzulo zikadali zofunda, yodzaza mpaka pakamwa. Usiku womwewo foni, malume amwalira kumudzi ku Thyolo. Mungatani? Tinatseka nyumba m'mawa wa Lachitatu. Mtima unali pansi chifukwa ndimati ngakhale magetsi achoke sola ilipo. Kumbuyo kuno mvula inagwa ya mphepo, mtengo unagwera mawaya, dera lathu lonse mdima. Kumwamba mitambo masiku atatu osayera.

Ndinabwera Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa lake. Fungo ndinalimva ndisanatsegule chitseko. Ndinaima pakhonde kiyi ali m'manja, miyendo ikunjenjemera, ndikudziuza kuti mwina ndi khoswe wafera kudenga. Kulowa, inveta ili zii, kanyale kake kozima. Pansi pa filiza madzi ofiirira ayenderera mpaka pa mkeka. Nditakweza chivundikiro mpweya wake unandimenya kumaso, ndinathamangira panja kukasanza. Zapamwamba zinali zitasanduka zobiriwira m'mapiko ndi m'khosi, khungu likusendeka ukangoligwira, mapepala atafufuma. Ndinapisa mkono mpaka pansi kufuna mwina khumi zokha zopulumuka, ndinangopeza madzi ofunda. Mwana wanga anangokhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira, iyeyo ndi amene anasosola zambiri, zala zake zinali zidakali ndi matuza a madzi otentha. Tinakumba dzenje kuseri usiku ndi tochi ya foni, mvula ikuwaza, kunyamula pa beseni kasanu ndi kawiri, agalu a m'dera lonse atazungulira. Aneba ankasuzumira pa mpanda osanena kanthu. Ndili m'matope choncho foni ikulira, apampando a komiti ya ukwati akufunsa kuti galimoto ibwere nthawi yanji m'mawa. Mawu anandithawa. Ndinagona ndisanadye, m'mawa ndinazungulira kwa anzanga a geni kugula nkhuku pa mtengo wogulitsira, kukongola apa ndi apo, kuti ana a eni ake asachite manyazi pa tsiku lawo. Zinakwana 52. Mayi a mkwati anandiyang'ana diso lija sindidzaliiwala.

Tsopano bambo uja. Kumuimbira, akuti ndili ku maliro. Mawa lake, ndili ku boda kukatenga katundu. Nditamupeza pa shopu anandiyankha pamaso pa anthu kuti mayi inu munadzaza kwambiri filiza, sola si ya zimenezo. Munthu yemweyo amene anati usana ndi usiku! Ndinaitana mmisiri wina wachikulire kuti adzaone. Sanagwire n'chida chomwe poyamba, anangonyamula batire limodzi ndi dzanja, n'kundiuza kuti mayi tanyamulani. Ndinalinyamula ndekha bwinobwino. Anati batire lenileni la mtovu la 200Ah limapitirira makilogalamu 50, munthu mmodzi amavutika nalo kwambiri. Anakanda sitika ndi chikhadabo, pansi pake panali sitika ina yakale. Anali mabatire otha ntchito, opukutidwa, omatidwa mapepala atsopano. Mawaya ochokera kudenga oonda ngati a wailesi. Munthu wopanda chisoni, wodya thukuta la amayi ovutika, Lamulungu amakhala kutsogolo ndi Baibulo lalikulu. Ndinapita kwa akuluakulu a mpingo, anati tikhululukirane. Iye anandibuloka, shopu anasintha dzina, ndipo ndikumva akugulitsabe. Ngongole ya banki mkhonde ndinaibweza miyezi isanu ndi itatu, mabatire ali pakona ngati mafuwa.

Mmisiri wachikulire uja ndi amene anandiphunzitsa masamu amene ndikanayenera kuwadziwa ndisanatulutse ndalama. Anati magetsi onse muziwawerenga m'mayunitsi, omwe aja timagula pa foni. Batire la 12V la 200Ah, likakhala lenileni, limasunga mayunitsi awiri ndi kachidutswa, koma la mtovu sufunika kulikama kupitirira theka, ukatero limafa msanga. Ndiye kuti batire lonse lija, lolemera ngati thumba la chimanga, limakupatsa yunitsi imodzi ndi pang'ono. Filiza yanga nthawi yotentha inkadya pafupifupi mayunitsi awiri patsiku ikakhala ndi zouma kale, koma ukaithira nyama yofunda injini yake siipuma, imadya kuposa pamenepo. Ndipo ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa pamene ikuyenda, n'chifukwa chake inveta yaing'ono imangolira n'kuzima. Ngakhale mabatire aja akanakhala enieni, masiku atatu a mitambo ndi nkhuku 70 zofunda zikanavutabe. Bamboyo ankadziwa zimenezi, ndi ntchito yake, anasankha kukhala chete kuti alandire ndalama.

Chimene ndinaphunzira china n'chakuti mtengo wa magetsi si ndalama imene umapereka tsiku logula. Jenereta ndi yotchipa pogula koma yunitsi yake ndi yodula kuposa zonse, chifukwa ola lililonse ukuwotcha mafuta obwera pa sitima ndi mathanki kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ogulidwa ndi madola amene dziko lilibe okwanira. Sola ndi yodula tsiku loyamba, kenako dzuwa ndi laulere, koma batire limatha ndipo pomwe lathera umakaligula pa mtengo wa dola wa tsiku limenelo. Ine ndinasonkhanitsa ndalama chaka chathunthu kuti ndigule mabatire abwino, Novembala wa 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndinapita m'tauni sabata yomweyo ndinapeza ena atseka mashopu akusintha mitengo, ndalama yanga ya mabatire awiri inangokwana limodzi. A ESCOM akakhalapo, magetsi awo ndi amene ali otchipa kwa ife, ngakhale timadandaula a MERA akavomereza kukweza, chifukwa ambiri amachokera m'madzi a Shire ndipo madzi sitigula ndi dola. Koma odula kuposa onse ndi magetsi amene palibe pa ola limene ukuwafuna. Masiku atatu aja anandidyera ndalama yoposa mayunitsi a zaka zingapo.

Ndipo vuto lathu ngati dziko likufanana ndi langa lija. Nkula, Tedzani, Kapichira, zonse zili pa mtsinje umodzi. Madzi akachepa m'nyanja tavutika, akasefukira tavutika, zinyalala ndi namasupuni zikatseka makina tavutika. Matope amene amadzaza m'madamumo amachokera m'mapiri amene tameta ndi makala, ndipo ine ndemwe madzi osololera nkhuku ndimawiritsa pa makala, chifukwa magetsi akazima thumba la makala limakwera mtengo koma timagulabe, tilibe pothawira. Zimangozungulira choncho. Sola yaikulu ija ya ku Salima ya mamegawati 60 imathandiza masana, koma madzulo pamene aliyense wayatsa mbaula ya magetsi ndi TV dzuwa lapita, n'chifukwa chake ya ku Golomoti anaiikira mabatire. Ngati akatswiri a dziko akulimbana ndi nkhani yosunga mphamvu ya usiku, ndiye bambo wa kashopu asakunamizeni kuti mabatire awiri athetsa zonse.

Koma sola gulani, achemwali. Inde ndikudziwa ndangokusimbirani zoopsa, koma panopa ndili nayo ndipo sindingabwerere ku jenereta. Kungoti muyambe ndi mapanelo ochuluka, batire lochepa koma lenileni, la lithium ngati thumba likulola poti limakhalitsa ndipo umalikama kwambiri osafa. Filiza iziuma masana dzuwa lilipo, pansi pake muzisanja mabotolo a madzi aume gwa, usiku muzimitse osatsegulatsegula, madzi oumawo ndiwo batire lotchipa kuposa onse. Nkhuku muziziziritsa kaye, muziika pang'onopang'ono, musadzaze zofunda nthawi imodzi. Kuno kummwera muwerengerenso chiperoni cha Juni ndi Julaye, masiku amatha atatu dzuwa osalionako. Woika solayo akuonetseni chiphaso cha ku MERA, akulembereni pa pepala kuti filiza iziyenda maola angati popanda dzuwa, waranti ikhale yolemba ndi chidindo, ndipo batire mulinyamule nokha, mulikande sitika pamaso pake. Ndalama yomaliza mupereke patatha sabata ziwiri zikuyenda. Akakwiya ndi mafunso amenewa, muchokepo, safunsa anadya phula.

Za ngongolezo ndinganene kuti musatenge, ine inatsala pang'ono kundithetsera banja, abambo akunyumba anakhala mwezi osandilankhula bwino. Koma kunena zoona kusunga kwacha pansi pa pilo kudikira ikwane nakonso kunandipweteka monga ndanenera, mitengo ya zinthu zakunja siidikira munthu. Ndiye ngati gulu lanu lili ndi chiwongola dzanja chopirika, tengani yochepa mugule mapanelo ndi inveta yabwino panopa, batire mudzawonjezera. Ya katapila yokha musayerekeze. Jenereta ngati muli nayo musagulitse, yanga ndinagulitsa kuti ndibweze ngongole ndipo nthawi ya mvula ndimaifunabe. Ndipo mukapha nkhuku za oda musachoke pakhomo popanda kusiya kiyi kwa munthu woti azisuzumira kanyale ka inveta m'mawa ndi madzulo, kaya ndi maliro a ndani. Tumizani chithunzi cha kachipepala kakumbuyo kwa filiza yanuyo ndi mndandanda wa zimene wakulemberani munthuyo, ndikamuonetse mmisiri wanga mawa akabwera kudzatsuka mapanelo.