Yankho kwa mayi amene wadirobu yawo yadzaza mpaka kukanika kutsekeka

Mayi, ndawerenga funso lanu limene mwafotokoza kuti wadirobu yanu yadzaza mpaka chitseko sichikutsekeka, kuti zovala za ana zasakanikirana ndi mashiti ndi matawulo, komanso kuti mabulangete amene munasunga akutuluka ndi fungo la chinyontho. Mwafunsa ngati kugula kabati ina kapena mabokosi apulasitiki kungathetse vutoli. Ena akuyankhani kale kuti mugule, koma ine ndikukupemphani kuti muyambe mwadikira kaye. Kabati yatsopano idzadzazanso m'miyezi yochepa ngati mudzaikamo katundu yemweyo amene simunamusankhe, ndipo mudzakhala mwangowonjezera malo obisalamo zovala zimene simuvala. Ntchito yoyamba ndi kusankha zimene zikhale ndi zimene zichoke. Kulongedza kumabwera pambuyo, ndipo sikuvuta katundu akachepa.

Musayese kuthana ndi nyumba yonse tsiku limodzi, chifukwa mudzatopa ntchito ili pakati, ndipo usiku ukadzafika mudzangobwezera zonse mmene zinalili kuti mupeze pogona. Tengani mtundu umodzi wa zovala pa nthawi imodzi, koma muutolere wonse kuchokera kulikonse kumene uli: m'wadirobu, m'masutikesi a pansi pa bedi, m'dengu la zochapa, kuseri kwa chitseko, ndi pampando uja umene umangolandira zovala usiku uliwonse. Ngati mwasankha masiketi, masiketi onse akhale mulu umodzi pabedi. Munthu sadziwa kuchuluka kwa zimene ali nazo pamene zamwazikana, koma akaziona pamodzi m'pamene amazindikira kuti ali ndi masiketi akuda anayi ofanana pomwe amavala imodzi yokha. Yambani ndi zinthu zosakhudza mtima, monga masokosi, zovala zamkati ndi matawulo, kuti muzolowere kusankha musanafike pa zovuta.

Chovala chilichonse muchigwire m'manja, muchitambasule pamalo owala, ndipo muyang'ane m'khwapa, pakolala, pazipi ndi m'misoko, chifukwa m'menemo ndi mmene chovala chimayambira kutha. Kenaka mudzifunse ngati chikukukwanani mmene thupi lanu lilili lero, ndiponso ngati mwachivalako m'miyezi 12 yapitayi. Ndikutchula miyezi 12 chifukwa chaka chathunthu chimadutsa nyengo zonse, yotentha ndi yozizira yomwe, kotero chovala chimene chatha chaka osakhudzidwa sichinasowe mpata wovalidwa. Zovala za pa zochitika zikuluzikulu sizigwera pa lamulo limeneli, ngakhale kuti nazonso sizifunika kuchuluka. Pa zimene mukukayika, kolekani mahang'ala onse mbedza zake zitaloza kwa inu, ndipo chovala chilichonse chimene mwavala ndi kuchapa muzichibwezera mbedza italoza mkati. Pakatha miyezi 6 mudzaona ndi maso anu zimene sizinasunthe.

Chenjerani ndi mulu wa zokasoketsa, chifukwa umenewu ndiwo umanyenga anthu ambiri. Thalauza lofunika zipi yatsopano kapena malaya othothoka mabatani muzipatse mwezi umodzi. Ngati mwezi watha musanapite nazo kwa telala kapena musanatenge singano nokha, ndiye kuti simukuzifuna monga mmene mumaganizira, ndipo zichoke.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pa zovala zimene zili ndi mbiri, ndipo pamenepa sindikufuna kukuthamangitsani. Pali diresi limene munagula ndi ndalama zambiri koma simunalivalepo chifukwa limakufinyani kapena nsalu yake imayabwa. Ndalamazo zinapita tsiku limene munalipira, ndipo kulisunga sikudzazibweza, m'malo mwake lizingokukumbutsani za chisoni chomwecho m'mawa uliwonse mukatsegula chitseko. Pali zovala zimene zinakucheperani mutabereka kapena mutadwala, zimene mukuyembekezera kuti tsiku lina zidzakukwananinso. Thupi la munthu limasintha, ndipo zimenezo si zamanyazi. Sungani ziwiri kapena zitatu zimene mumazikondadi, muziike padera kutali ndi za tsiku ndi tsiku, zotsalazo muzipereke kwa amene zingawakwane tsopano. Pali mphatso zimene mumaopa kuti wopereka angakhumudwe, koma chikondi chake munachilandira kale tsiku limene anakupatsani, ndipo sichili m'nsaluyo.

Zovala za munthu amene anatisiya ndi nkhani ina, ndipo ndikuona kuti siziyenera kusankhidwa tsiku limodzi ndi masokosi. Ngati mtima sunakonzeke, zichapeni, ziume bwino, muzilongedze padera ndi kulemba pamwamba pake chimene chili mkati, ndipo mudzazibwerere nthawi ina. Nthawiyo ikadzafika, mudzakambirane kaye ndi abale ena amene angafune chowakumbutsa, kenaka musunge zochepa zimene zimakuonetsanidi munthuyo monga mmene analili. Chovala chimodzi chosungidwa mosamala chimalemekeza womwalirayo kuposa thumba lodzaza limene likuchita nkhungu pakona.

Za ana sizifuna maganizo ambiri. Zimene zawachepera muzilekanitse potsata msinkhu, ndipo ngati pali mwana wamng'ono amene adzazivale, muike msinkhu uliwonse m'thumba lakelake lolembedwa zaka zake. Zothimbirira ndi zotamuka m'khosi musazisungire mwana wina aliyense.

Tsopano za pabedi ndi za kubafa, zimene ndikuganiza kuti ndizo zikukudyerani malo ambiri. Bedi lililonse limakwanira ndi magulu awiri kapena atatu a mashiti: limodzi loyalidwa, lina lochapidwa, ndi lina lodikira pashelefu ngati nyengo yanu imachedwetsa kuuma kwa zochapa kapena ngati pali mwana amene amakodza pogona. Matawulo awiri kapena atatu pa munthu aliyense, kuwonjezerapo ochepa a alendo, ndi okwanira. Werengani mabedi ndi anthu a m'nyumba mwanu, ndipo chimene chapitirira pamenepo chiyenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhalira. Mashiti ong'ambika pakati ndi matawulo amene apyapyala mpaka kuonekera muwadule akhale sanza zopukutira ndi zokolopera, koma sanza nazonso zikhale ndi malire ake, thumba limodzi basi.

Njira imene imathandiza kwambiri posunga mashiti ndi iyi: pindani shiti ya pansi, ya pamwamba ndi pilokesi imodzi, kenaka muzilowetse zonse mu pilokesi inzake yotsalayo. Mukafuna kusintha pabedi mumangosolola kamtolo kamodzi osagwetsa mulu wonse, ndipo mapilokesi sasocheranso. Ngati mabedi anu ndi osiyana kukula, gulu lililonse likhale ndi mbali yake ya shelefu. Zochapidwa kumene muziziika pansi pa mulu ndipo muzitenga za pamwamba, kuti zonse zizigwira ntchito mosinthana, osati ziwiri zokha kutha pomwe zina zikuchita chikasu m'mapindo osagwiritsidwapo ntchito.

Fungo limene mwatchula lili ndi gwero lodziwika, ndipo mafuta onunkhira salichotsa. Ndi fungo la nkhungu, imene imamera pansalu pamene pali chinyontho ndipo mpweya suyenda. Bulangete lochindikala likhoza kuoneka louma kunja pomwe mkati ndi m'mphepete mosokedwa mudakali madzi, ndipo mukalipinda ndi kulitsekera m'thumba la pulasitiki, chinyonthocho chimasowa kotulukira. Choncho chilichonse chopita kokasungidwa chiume mpaka mkati, ndipo chimene mwangosita kumene chiyambe chazizira musanachipinde. Mabulangete anuwo muwachapenso, muwayanike pamalo a dzuwa ndi mphepo tsiku lathunthu mukuwatembenuza, ndipo musanawabwezere mupukute mkati mwa wadirobu ndi kuisiya yotsegula mpaka iume. Yang'ananinso kumbuyo kwake. Ngati yagunda khoma limene limazizira kapena kunyowa, isuntheni pang'ono kuti pakhale mpata wolowa dzanja, ndipo musaike katoni ya zovala pansi penipeni. Posungira zofunda kwa nthawi yaitali, thumba la nsalu ya thonje kapena shiti yakale yoyera zimaposa pulasitiki chifukwa nsalu imapuma.

Musasunge chovala chimene chavalidwa ngakhale kamodzi osachichapa. Thukuta, mafuta a pathupi ndi madontho a zakumwa zotsekemera sizioneka poyamba, koma pakapita miyezi zimasanduka madontho achikasu kapena ofiirira ovuta kuchotsa, ndipo ndizo zimaitana njenjete. Chimene chimaboola majuzi si kagulugufe kamene mumakaona kakuuluka, koma mphutsi zake, zimene zimadya ubweya wa nkhosa, silika ndi nthenga, makamaka pamene pali thukuta, m'malo amdima amene sagwedezedwa. Nsalu yopangidwa m'fakitale monga poliyesitala siziidya pokhapokha itasakanizidwa ndi ubweya kapena itada. Ngati mwapeza timabowo pa juzi, chovalacho muchiike m'thumba lotseka bwino ndi kuchisiya m'firiza yozizira madigiri 18 kutsika pansi pa ziro kwa sabata imodzi kapena iwiri, ndipo mazira ndi mphutsi zomwe zidzafa. Mashiti, mapilokesi ndi matawulo a thonje amene chizindikiro chake chikulola, muziwachapa nthawi zina m'madzi otentha madigiri 60, chifukwa kutentha kumeneko kumapha tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'fumbi la zofunda ndipo timavutitsa anthu a mphumu. Zaubweya musaziike m'madzi otentha choncho, zimafota.

Ndikuchenjezeni mwapadera za timipira toyera ta naphthalene timene anthu amaika m'zovala pothamangitsa njenjete, popeza mwanena kuti muli ndi ana. Mankhwala amenewa ndi poizoni. Mwana akhoza kukameza poganiza kuti ndi siwiti, ndipo ngakhale mpweya wake ukhoza kuwononga maselo ofiira a m'magazi, makamaka mwa makanda ndi mwa anthu amene anabadwa ndi vuto losowa chinthu choteteza maselo amenewa chotchedwa G6PD. Mayiko a ku Ulaya a mu mgwirizano wa European Union analetsa timipira timeneti mu 2008. Musatiike m'zovala kapena m'zofunda za ana. Kuchapa, kuumitsa ndi kukutumula zosungidwazo miyezi ingapo iliyonse kumagwira ntchito yomweyo popanda ngozi.

Pobwezera zimene zatsala, zimene mumavala sabata iliyonse zikhale pakati pa maso ndi chiuno, pamene dzanja limafika osawerama kapena kukwera pampando. Za nyengo ina ndi mabulangete zipite pamwamba. Malaya, madiresi, majekete ndi zina zokwinyika msanga muzikoleke, chimodzi pa hang'ala iliyonse, ndipo pakhale mpata woti dzanja lizitha kuzisuntha. Majuzi ndi zoluka zonse muzipinde, chifukwa zikakolekedwa zimatamuka ndi kulemera kwake ndipo zimatupa pamapewa. M'madilowa, pindani masikipa ndi zovala za ana kuti zikhale timakona, ndipo muziimike chilili motsatizana m'malo mozisanjikiza. Mukatsegula dilowa mumaona zonse nthawi imodzi, ndipo mwana akhoza kusolola chimene akufuna osafukula za pansi.

Zimene mwasankha kupereka zichoke m'nyumba sabata yomweyo, chifukwa thumba likakhala pakhomo mwezi wathunthu, mmodzi ndi mmodzi amayamba kutulutsamo zake mpaka zonse zibwerere m'kabati. Ndipo chonde perekani zoyera ndi zovalika, zimene inuyo simungachite manyazi kumuona nazo munthu amene mwamupatsa. Chong'ambika ndi chothimbirira si mphatso, ndipo kuchipereka n'kungomusenzetsa wina ntchito yokachitaya. Musaiwalenso kufufuza m'matumba musanapereke. Zovala za bambo a m'nyumba ndi za ana akuluakulu musaziike m'thumbamo iwo asanaone, chifukwa munthu akasowa chovala chake popanda kufunsidwa, ulendo wina sadzalolanso kuti mukhudze kalikonse.

Mukamaliza zonsezi m'pamene mungabwerere ku funso lanu la mabokosi. Mwina mudzapeza kuti mukufunadi awiri kapena atatu osungiramo zovala za nyengo yozizira ndi za ana zodikira wamng'ono. Pamenepo yezani kaye kutalika, kutambalala ndi kuya kwa shelefu kapena kwa mpata wa pansi pa bedi musanapite kukagula, musankhe ooneka mkati, ndipo mulembe zimene zilimo pambali imene imaloza kwa inu. Popeza pulasitiki imatsekera chinyontho, muziikamo zouma zokhazokha, ndipo muziwatsegula kamodzi pa miyezi itatu iliyonse kuti muone ngati mulibe fungo kapena njenjete. Za kabati yachiwiri mudzaganize pokhapokha ngati mutatha kusankha mitundu yonse, zovala zimene mumavaladi zikusowabe pokoleka.