Ulendo wa pa Nile: kuyambira ku Luxor kapena ku Aswan?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa bambo ena a ku Luchenza, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ana awo asonkha ndalama zoti iwo ndi mayi akunyumba akaone dziko la Egypt. Kampani yokonza ulendowu yawauza kuti asankhe okha: kukwera sitima yapamadzi ku Luxor n'kukatsikira ku Aswan, kapena kukwera ku Aswan n'kukatsikira ku Luxor. Iwo akufunsa ngati pali kusiyana kwenikweni, popeza mtsinje ndi womwewo ndipo malo okaona ndi omwewonso, ndipo awonjezera kuti mayi amavutika ndi mawondo.

Bambo, kusiyana kulipo, ndipo malangizo anga ndi akuti muyambire ku Luxor.

Poyamba tigwirizane za kumene madzi amalowera, chifukwa ife a kuno timasokonezeka msanga pamenepa. Tinazolowera Shire, amene amachoka m'nyanja ku Mangochi, kutsikira kummwera, kulandira Ruo wathu pa Chiromo, mpaka kukathira mu Zambezi, moti m'maganizo mwathu kupita kummwera ndiko kutsika ndi madzi. Nile amachita zosiyana: amachokera kummwera kulowera kumpoto, kukathira m'nyanja ya Mediterranean. Aswan ali kummwera kwa Luxor, pa mtunda wa makilomita oposa 200, choncho sitima yochoka ku Luxor imayenda molimbana ndi madzi, pamene yochoka ku Aswan imakankhidwa nawo. N'chifukwa chake makampani ambiri amagulitsa ulendo wokwera ngati wa masiku 5, wogona m'sitima usiku 4, ndipo wotsika ngati wa masiku 4, wogona usiku 3. Mukaona kuti woyambira ku Aswan ndi wotsika mtengo, musafulumire kusangalala; gawani mtengowo ndi chiwerengero cha masiku, ndipo mungapeze kuti chimene achotsapo ndi tsiku limodzi la ulendo wanu.

Tsiku limodzilo ndi limene likundichititsa kuumirira, makamaka chifukwa cha mawondo a mayi. Zinthu zolemetsa thupi pa ulendo wonsewu zinaunjikana ku Luxor. Kutsidya la kum'mawa kuli Karnak, malo aakulu kwambiri a akachisi amene mafumu ankamanga n'kumawonjezera kwa zaka mazanamazana, ndipo munthu amayendamo wapansi kwa maola angapo padzuwa. Kulinso kachisi wa Luxor pakati pa mzinda. Kutsidya la kumadzulo kuli chigwa cha manda a mafumu, mmene muli manda oposa 60 osemedwa m'thanthwe, kuphatikizapo a Tutankhamun amene Howard Carter, wofukula zinthu zakale, anawapeza mu 1922. Ambiri mwa mandawa amalowedwa potsika masitepe kapena njira yotsetsereka, ndipo potuluka muyenera kukweranso mtunda womwewo. Chapafupi pali kachisi wa mfumukazi Hatshepsut, womangidwa mosanjikiza, amene kuti mufike pamwamba pake muyenera kukwera zitunda zazitali popanda mthunzi. Mukayambira ku Luxor, zonsezi mumaziona mudakali ndi mphamvu, ndipo kawirikawiri amazigawa m'masiku awiri. Mukatsirizira ku Luxor pa ulendo wa usiku 3, nthawi zambiri zimapanikizidwa kumapeto, katundu ali kale m'zikwama, wokuperekezani akuyang'ana nthawi ya ndege. Munthu wa mawondo opweteka sayenera kuthamangitsidwa pa masitepe a manda, ndipo zingakhale zomvetsa chisoni kuti mayi achoke ku Thyolo mpaka kukafika kumeneko n'kukatsala m'basi kudikira anzawo.

Ku Aswan moyo ndi wofatsa. Mtsinje uli ndi zilumba ndi miyala ikuluikulu, timabwato ta matanga timayenda pang'onopang'ono madzulo, ndipo ngakhale kachisi wa Philae, amene anamusamutsira pachilumba cha Agilkia kuti asamire, amafikidwa pa bwato ndipo si wamkulu motopetsa. Damu lalikulu limene linatha kumangidwa mu 1970 mumakaliona pa galimoto. Ndi malo oyenera kutsirizirako.

Ndikudziwa zimene a mbali inayo amanena, ndipo si zopanda nzeru. Iwo amati munthu wochoka pa Chileka, amene wasintha ndege ku Addis Ababa, wafika ku Cairo n'kukweranso ina ya m'dziko momwemo, amakhala wotopa kale, moti kuyambira kumalo ofatsa kumamupatsa mpata wopuma. Amatinso n'kokoma kuyamba ndi akachisi aang'ono n'kutsiriza ndi Karnak. Kutopako ndi koona, koma mankhwala ake ndi kugona usiku umodzi pahotela ku Luxor musanakwere sitima. Ana anu akawonjezera ndalama ya usiku umenewo, adzakhala atakuchitirani chinthu choposa kukulipirirani chipinda chapamwamba m'sitima.

Nkhani ya mphepo ambiri saiganizira. M'chigwa cha Nile mphepo imawomba kuchokera kumpoto pafupifupi chaka chonse, ndipo anthu akale a kumeneko ankaidalira kwambiri: popita kummwera ankakweza matanga, pobwerera ankawatsitsa n'kumatsika ndi madzi. Kwa inu tanthauzo lake ndi lakuti sitima yolowera ku Aswan imakhala ndi mphepo kumbuyo, choncho pamwamba pa sitima, pamene anthu amakhala n'kumaona minda, mitengo ya kanjedza ndi midzi ya m'mbali mwa mtsinje, pamakhala bata. Yolowera ku Luxor imakumana nayo maso ndi maso. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene m'mawa ndi usiku kumazizira ndithu, mphepo imeneyi imathamangitsira anthu m'zipinda. M'miyezi yotentha ya Juni mpaka Ogasiti mphepoyo imasanduka yothandiza, koma nthawi imeneyo kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo sindingalangize anthu a msinkhu wanu kupitako. Sankhani pakati pa Okutobala ndi Epulo.

Malo a pakati ndi omwewo mbali zonse ziwiri. Pa Edfu pali kachisi wa Horus, mmodzi mwa milungu ya anthu akale a kumeneko, amene alendo ambiri amapitako pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo popeza pokwerera pake ndi patali ndi pansi, mupemphe galimoto ya mayi. Pa Kom Ombo kachisi ali pafupi ndi pokocheza, ndipo pambali pake pali nyumba yosungiramo ng'ona zakale zoumitsidwa. Pa Esna sitima imalowa m'chipata cha madzi, mmene amaikweza kapena kuitsitsa mamita angapo kuti idutse chotchinga cha pamtsinje. Sitima zikachuluka zimadikirana kwa maola, ndipo ulendo wa masiku 5 uli ndi mpata wokwanira woti kuchedwa kumeneku kusakulandeni malo ena. Nthawi zina chipatachi amachitseka kuti achikonze, ndipo zikatero sitima zimakocheza pa Esna, anthu n'kumapita ku Luxor pa basi, choncho funsani ngati masiku anu sakugundana ndi ntchito imeneyi.

Chinthu chimodzi chokha chingandichititse kusintha malangizowa, ndicho Abu Simbel. Akachisi a mfumu Ramesses II amenewa, amene anawadula m'zidutswa n'kuwasamutsira pamalo okwera pakati pa 1964 ndi 1968, ali pa makilomita pafupifupi 280 kummwera kwa Aswan, ndipo sitima yanu sifikako; mumapita pa basi yonyamuka kusanache, maola oposa atatu kupita ndi enanso kubwera, kapena pa ndege. Pa 22 Febuluwale ndi pa 22 Okutobala kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumalowa mpaka m'chipinda chamkati mwenimweni. Ngati mtima wanu uli pa tsiku limeneli, tsikulo ndilo lilamule, ndipo mutenge sitima iliyonse imene ikugwirizana nalo. Ngati sichoncho, ikani Abu Simbel pa tsiku lakelake mutatsika kale m'sitima ku Aswan, kuti mayi adzasankhe okha kupita kapena kutsala malinga ndi mmene mawondo alili.

Za chipinda, popita kummwera dzuwa limalowera kudzanja lamanja, koma musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha zimenezi, popeza pokocheza sitima zimaima mogundizana, zingapo pamzere umodzi, ndipo zenera lanu lingayang'anizane ndi la sitima ina. Kugundizana kumeneku kukutanthauzanso kuti potsika mungadutse m'sitima zina ziwiri kapena zitatu musanaponde kumtunda. Polembera kampaniyo, pemphani chipinda chotalikirana ndi injini, cha pa nsanjika imene ili pafupi ndi khomo lotulukira ndi chipinda chodyera, ndipo afotokozereni za mawondo a mayi musanalipire, pakuti sitima zambiri za pa Nile zilibe chikepe.