Kwa achimwene amene mukufuna kuyamba tuk-tuk kuno ku Joni

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati munayendetsa kabaza wa njinga yamoto zaka zinayi ku Lilongwe, tsopano wina wakulonjezani tuk-tuk, njinga yamoto ya matayala atatu, kuti muzinyamula anthu ndi katundu, ndiye mukufunsa ngati mungangokwera n'kuyamba ntchito popeza njinga mumaidziwa kale. Yankho langa ndi lakuti ayi, musafulumire. Ine ndinayamba ngati inuyo, ndipo chimene chinandivuta kwambiri ndi luso lomwelo limene ndinabwera nalo kuchokera kumudzi.

Njinga ya matayala awiri mumaikhotetsa ndi thupi. Mukafika pokhota mumapendekeka, nayo imapendekeka nanu, manja sagwira ntchito yaikulu. Ya matayala atatu sipendekeka. Mukapendeketsa thupi iyo imangopitabe kutsogolo, ndiye muyenera kupotoza mahandulo ndi mphamvu ya mikono ngati mmene munthu amawongolera wilibala. Tsiku langa loyamba, pabwalo lopanda anthu, thupi linkandiuza kuti ndakhota kale koma njinga ikulunjika mpanda. Zinanditengera masiku atatu kuti mikono imve zimene mutu unali utamva kale.

Choopsa chenicheni chili pakona. Mukalowa ndi liwiro, kulemera konse kumathamangira kunja kwa kona, tayala lakumbuyo la mkati limadzuka. Zinandichitikira sabata yachiwiri pa raundabauti ina ku Mayfair, dera la kuno ku Joni, ndili ndekha wopanda katundu. Ndinamva mbali imodzi ikupepuka, mtima unaima. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinasiya moto n'kuwongola mahandulo pang'ono, tayala n'kubwerera pansi. Ndikanaponda buleki mwamphamvu ndili mkati mwa kona, bwenzi nditagubuduzika. Choncho liwiro lonse muzilithera musanafike pokhota, mulowe ndi giya yotsika, thupi lanu lipendekere mkati mwa kona, moto muwonjezere njinga ikawongoka. Ndipo dziwani kuti ikakhala yopanda kanthu ndi pamene imadumphadumpha kwambiri. Ikanyamula anthu atatu imakhazikika, koma imatenga mtunda wautali kuti iime. Katundu wolemera aikidwe pansi ndi pakati, osati kumusanja m'mwamba ngati mmene tinkamangira matumba a makala pa kaliyala.

China ndi phazi. Ife a kabaza tinazolowera kutsitsa phazi tikaima. Apa musayerekeze. Njinga imaima yokha, ndipo phazi likatuluka njinga ikuyendabe, thupi lake lakumbuyo limakupezani. Kumbuyoko n'kotambalala kuposa mmene maso anu akuonera kutsogolo. Mpata umene tayala lakutsogolo ladutsa bwinobwino si ndiye kuti akumbuyo adutsa. Ine ndinakhulitsa mbali pachipilala cha geti, ndalama yokonzetsera inachoka pa malipiro anga oyamba. Zolowa pakati pa magalimoto pa loboti ziiwaleni. Maenje nawo, amene ndi ambiri m'misewu yakuno mvula ikayamba, amafuna nzeru ina chifukwa muli ndi mizere itatu ya matayala. Mukazemba ndi lakutsogolo, lakumbuyo limagweramo. Dzenje laling'ono muzilidutsitsa pakati pa tayala lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo, lalikulu ingochepetsani liwiro.

Ngati akupatsani tuk-tuk ya mtundu wa Bajaj RE, magiya ali kudzanja lamanzere: mumagwira kilachi n'kupotoza handulo yonseyo, anayi opita kutsogolo, kuphatikiza livesi. Buleki ndi yoponda ndi phazi. Zonyamula katundu zina zili ndi magiya akuphazi ngati njinga wamba, ndiye onani kaye imene mupatsidwe. Livesi muiphunzire padera, imasokoneza mutu poyamba.

Pezani bwalo loimikapo magalimoto Lamlungu m'mawa kulibe anthu, muike mabotolo a madzi, muzizungulira ngati mukulemba 8. Mukazolowera, kwezani anzanu awiri kumbuyo mubwerezenso. Mukatero pitani pachitunda mukaphunzire kunyamuka ndi handibuleki osabwerera m'mbuyo. Izi musazipeputse. Johannesburg ali pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yaing'ono ngati imeneyi, ya pafupifupi 200cc, imafooka. Zitunda za ku Melville, Brixton ndi Kensington zimaiyesa njinga, makamaka minibasi ikakhala kumbuyo kwanu ikuimba hutala. Musatekeseke nayo hutalayo, khalani kumanzere, adutsa.

Tsopano za mapepala, ndipo apa ndikupemphani mundimvere ngati mkulu wanu. Tengani pepala la njingayo mupite nalo ku malo opangira mayeso a laisensi, akuuzeni okha code (mtundu wa laisensi) imene ikufunika pa njinga imeneyo. Osadalira zonena za mwini njinga, iye akufuna ndalama ilowe basi. Ife obwera timafunika traffic register number, nambala imene a zamsewu amapatsa alendo, tisanalembetse. Mayeso a learner's, laisensi ya ophunzira, amachokera m'buku la malamulo a pamsewu lotchedwa K53, ndipo mukakhoza learner's yo imagwira ntchito miyezi 24. Koma learner's si chilolezo chonyamulira anthu olipira. Pamenepo pamafunika laisensi yeniyeni ndi PrDP (chiphaso cha madalaivala a ntchito), imene ya onyamula anthu amapereka kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, komanso njingayo ikhale ndi operating licence yake, chilolezo choti izinyamula anthu olipira. Muuzeni mwini wake akuonetseni pepala limenelo ndi maso anu, pamodzi ndi disiki yosatha ntchito. A JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg, akaimitsa, amene mwagwira mahandulo ndinu, ndipo kwa mlendo nkhani yaing'ono ya pamsewu imatha kufika pa pasipoti. Mufunsenso za inshuwalansi, ndi kuti njinga ikawonongeka kapena ikabedwa alipire ndani. Zimenezi zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha.

Lamulo lakuno sililola njinga ya matayala atatu pa freeway, misewu ikuluikulu yothamangapo magalimoto. M1, M2, N1, N3, N12, zonsezo si zanu. Mapu a pafoni sadziwa kuti mwakwera chiyani, amangokulozerani komweko, ndiye lowani m'masetingi musankhe kupewa misewu imeneyi. Magetsi akazima maloboti n'kufa, mphambano imakhala ngati four-way stop, wofika poyamba ndiye anyamuke poyamba. Komabe inu ndinu wamng'ono pamsewu, muziyang'ana woyendetsa mnzanuyo m'maso musananyamuke. Mvula ya masana ya kuyambira Okutobala mpaka Malichi imabwera ndi mphepo, nthawi zina ndi matalala, ndipo mphepo yam'mbali imakankha tuk-tuk ngati katoni. Imani pa filing'i sitesheni idutse, kawirikawiri sichedwa.

Pa malo onyamulira anthu, musaime pafupi ndi renki ya mataxi (maminibasi) kapena kukweza munthu pamene iwo amakwezera. Mikangano ya njira kuno si yocheza, anthu amavulala. Funsani a tuk-tuk anzanu a dera limenelo kuti malire awo ali pati musanayambe. Ine kwa munthu woyamba ndimalangiza zoperekera katundu wa m'mashopu miyezi iwiri yoyambirira. Ndalama yake ndi yochepa, koma mukalakwitsa pakona chimene chagwa ndi kireti, osati mwana wa munthu.

Mupempheni mwini njingayo sabata imodzi yophunzira musanayambe kumupatsa ndalama ya tsiku. Akakana zimenezo, ine ndingakaike za ntchito yonseyo. Akavomera, ndiuzeni pagulu pano, Lamlungu likubwerali ndikatuluka ku tchalitchi ndili ndi mpata. Tikumane ku Mayfair, mubwere ndi mabotolo asanu ndi limodzi, ine ndikhala kumbuyo muzindizungulitsa.