Mafunso a Owerenga: Marimu, Mabuleki ndi Nyali Zotchipa Zochokera Kunja

Funso: Akulu, ndinagula Toyota Mark X yochokera ku Japan ndipo ndikufuna kuikongoletsa poika marimu a mainchesi 19 komanso kuitsitsa kuti iyandikire msewu. Wogulitsa wina wa pa Facebook ali ndi marimu ochokera ku Dubai otsika mtengo kwambiri kusiyana ndi a m'mashopu, ndipo akuti akapanda kukhala bwino adzandipatsa ma spacer, tizitsulo toika pakati pa rimu ndi pamene gudumu limamangidwa. Makaniko wanga naye akuti masipuling'i angathe kungowadula. Kodi pali choopsa? Ndine wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Achimwene, choopsa chilipo, ndipo sichikuchokera pa dziko limene marimuwo adutsa, chifukwa ku China ndi ku Dubai kumachokeranso katundu wabwino. Vuto ndi lakuti rimu lotchipa kwambiri nthawi zambiri limakhala loumbidwa potengera maonekedwe a rimu la kampani yodziwika, koma palibe amene analiyeza kuti aone ngati lingapirire katundu ndi kugunda. Aluminiyamu akathiridwa m'chikombole mosasamala, m'kati mwake mumatsala timabowo ta mpweya timene diso silingaone, ndipo rimu lotere likamenya dzenje silipindika ngati lachitsulo koma limang'aluka, nthawi zina n'kuthyokeratu galimoto ili pa liwiro. Kumbukiraninso kuti rimu likakula tayala limayenera kuchepa m'mbali, choncho mphira wochepetsa kugunda umachepanso, ndipo dzenje lililonse la m'misewu yathu nyengo ya mvula limafika pa rimu ndi mphamvu yake yonse.

Marimu opangidwa motsatira muyezo wa ku Japan amakhala ndi chizindikiro cha JWL, chomwe kampani imadziikira yokha, ndipo ena amakhalanso ndi cha VIA chosonyeza kuti bungwe lapadera linayeza mtundu umenewo. Akamberembere amakoperanso zizindikirozi, kotero musadalire izo zokha. Funsani dzina la kampani yopanga ndi kulemera kumene rimu limodzi lingasenze, ndipo wogulitsa akayamba kuzungulirazungulira, musiyeni ndi katundu wake.

Kukwana kwa rimu si nkhani ya mabowo kungolowa m'mabawuti. Mark X ili ndi mabawuti asanu okhala mozungulira pa bwalo la 114.3 mm m'mimba mwake, ndipo bowo lapakati pa rimu ndi la 60.1 mm. Bowo la rimu likakula kuposa pamenepa popanda mphete yodzazira mpatawo, gudumu silikhala pakatikati ndipo chiwongolero chimanjenjemera. Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti manati a marimu a aluminiyamu a Toyota amakhala ndi washala wafulati, pomwe marimu ambiri ogula padera amafuna manati osongoka kumapeto. Mukasakaniza, nati imagwira pang'ono chabe n'kumamasuka yokha pa ulendo. Ma spacer ongolowetsa amachepetsanso utali wa bawuti umene nati imagwira, ndipo ngati nati sikuzungulira kasanu ndi katatu isanalimbe, gudumu limenelo musalikhulupirire. Manati amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu kufika 103 Nm, osati pokwerapo ndi phazi, ndipo muwaonenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100.

Zodula masipuling'i musavomere. Sipuling'i yodula imatha kuchoka pamalo pake gudumu likatsika m'dzenje, shoko imagunda pansi n'kufa msanga, ndipo galimoto imadumphadumpha m'malo mogwira msewu pokhota. Ngati mtima wanu uli pa kutsitsa galimoto, gulani masipuling'i ndi mashoko opangidwira Mark X yeniyeniyo, kenako mukawongolere miyendo ku makina, ngakhale kuti ndi mahampu a mumzinda wa Lilongwe ine sindikuona phindu lake.

Funso: Ndine mayi wochita malonda ndipo ndimayenda kawirikawiri pakati pa Blantyre ndi Nchalo. Mwana wanga anaika mapadi a mabuleki ofiira amene anawagula motchipa, ati ndi a galimoto zampikisano. Posachedwa potsika phiri la ku Thabwa ndinamva fungo la chinthu chopserera ndipo ndinayenera kuponda kwambiri kuti galimoto ichepetse liwiro. Nditafika kumunsi mabuleki anabwerera mwakale. Kodi ndipitirize kuyendera?

Yankho: Mayi, musapitirize, ndipo galimotoyo isatsikenso phiri limenelo mapadiwo asanachotsedwe. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo padi yabwino imapangidwa kuti izigwirabe ikatentha kwambiri. Padi yachinyengo imakhala ndi zomatira zambiri zosalimba, zomwe zikapsa zimachititsa padiyo kuterera pa disiki, ndipo zikafika poipa mbali yogwirayo imamatuka pa chitsulo chake. Mumzinda, komwe mumaima pang'onopang'ono, simungaone kusiyana kulikonse, n'chifukwa chake anthu amaziyamikira mpaka tsiku limene adzatsike ku Chikwawa, ku Chiweta kapena msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti atanyamula katundu. Kubwerera mwakale kumene munakuona kukungotanthauza kuti mapadiwo anazizira, osati kuti ali bwino. Utoto wofiira suwonjezera kalikonse, ndipo ngakhale mapadi enieni ampikisano ambiri sayenera msewu wamba chifukwa amagwira bwino akatentha kaye.

Pogula, funani mapadi a kampani imene inapanga galimoto kapena a makampani odziwika kwa wogulitsa amene amapereka lisiti. Mapadi ovomerezeka pa muyezo wa ku Ulaya wa ECE R90 amakhala ndi chilembo E m'kabwalo pamodzi ndi 90R, ndipo muyezowo umafuna kuti kagwiridwe kake kasasiyane ndi ka mapadi amene galimoto inabwera nawo kuposa 15 peresenti. Auzeninso amakaniko asinthe mafuta a mabuleki, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi. Mafuta a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike 230°C, koma akayamwa madzi angathe kuwira pa 155°C, ndipo akawira phazi limangolowa mpaka pansi. Makampani ambiri amalangiza kuwasintha pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo achokere m'botolo lomata, osati ogula moyeza m'kabotolo. Potsika phiri ikani giya yotsika, ngakhale galimoto ikhale ya otomatiki, kuti injini ithandize mabuleki.

Funso: Ndinaika nyali zatsopano za LED zimene ndinaitanitsa pa intaneti. Zimawala kwambiri, koma usiku madalaivala onse amandiphethirira ngakhale ndili pa dimu. Kodi ndi nsanje chabe? Wowerenga wa ku Mzuzu.

Yankho: Si nsanje, bambo, mukuwathobwa m'maso. Ngati munangolowetsa mababu a LED m'nyali yopangidwira babu wamba la halogen, kuwala sikuchokera pamene galasi la m'kati limayembekezera, choncho kumabalalika m'mwamba m'malo mogwera pa msewu. Ngati munasintha nyali yonse, pali vuto lina. Ku Malawi timayenda kumanzere ngati ku Japan, Britain, Zambia ndi South Africa, ndipo dimu ya nyali zathu imakwera chakumanzere kuti iunikire oyenda pansi ndi apanjinga. Ku China, Dubai ndi America amayenda kumanja, ndipo nyali zambiri zopangidwira misewu yakumanja zimakweza kuwala chakumanja, komwe kuno ndi kumaso kwa amene mukukumana naye. Imikani galimoto moyang'ana khoma usiku, muyatse dimu ndi kuona mbali imene mzere wa kuwala ukukwera. Ukakwera kumanja, kapena ngati palibe mzere woonekera, bwezeretsani nyali zakale. Onaninso ngati amene analumikiza mawaya anaikapo fuzi, popeza waya wopyapyala wopanda fuzi ungathe kuyambitsa moto m'galimoto.

Funso: Mphwanga anachita ngozi yaing'ono ndipo airbag ya pa chiwongolero, chikwama cha mpweya choteteza woyendetsa pa ngozi, inaphulika. Tsopano akuti aike chiwongolero chaching'ono cha masipoti chopanda airbag, kapena agule airbag yotchipa imene wina akubwera nayo kuchokera kunja. Kodi chabwino n'chiti? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Akulu, pa ziwirizi palibe chabwino. Lamba ndi airbag zinapangidwa kuti zizigwira ntchito pamodzi, ndipo kuchotsa chimodzi kumasiya nkhope ndi chifuwa cha woyendetsa pa chitsulo. Airbag yosadziwika kochokera ndi yoopsanso, chifukwa m'kati mwake muli mankhwala ophulika. Mu 2012 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America la NHTSA linachenjeza za ma airbag achinyengo, omwe ena sankatseguka konse pomwe ena ankaponya tizidutswa ta chitsulo. Ngakhale kampani yaikulu yopanga ma airbag ya Takata ya ku Japan inagwa mu 2017 chifukwa mankhwala a ammonium nitrate amene inkagwiritsa ntchito ankawonongeka ndi kutentha komanso chinyezi, mpaka galimoto mamiliyoni ambiri zinaitanidwa kuti zikakonzedwe. Izi zikutanthauza kuti airbag yochotsedwa m'galimoto yakale ingathenso kukhala ya gulu lomwelo, ndipo nyengo ya m'mbali mwa nyanja ndi ya m'chigwa cha Shire ndi imene mankhwalawa sagwirizana nayo.

Mphwanuyo apite ndi nambala ya chasisi kwa wogulitsa wovomerezeka wa mtundu wa galimoto yakeyo kuti amuitanitsire yoyenera, ndipo malamba nawo aonedwe, chifukwa ambiri ali ndi kachipangizo kowakoka kamene kamagwira ntchito kamodzi kokha. Ntchito ikatha, kanyali ka airbag pa dashibodi kayenera kuyaka mukatembenuza kiyi n'kuzima pakapita masekondi ochepa. Ngati sikakuyaka konse, mwina wina anachotsa babu lake kuti abise vuto. Asaiwalenso kudziwitsa kampani ya inshuwalansi za chilichonse chimene wasintha pa galimotoyo, popeza kusintha kosanenedwa kungawapatse chifukwa chokanira kulipira ngozi ina ikachitika.