Lipoti likavomerezedwa, amalondola ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati kuunika za chilengedwe kumathera pa kusayina lipoti. Ayi ndithu. Lamulo la za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu, monga ngalande ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, iyambe yaunikidwa, eni dera anenepo maganizo awo, kenaka a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, avomereze lipotilo.

Pomwe pamandidetsa nkhawa mpambuyo pake. Ngalandeyi ikudutsa m'nkhalango ya Lengwe, ndipo madzi amene ikupatutsa mu Shire ndi omwewo amadyetsa dambo la Elephant Marsh, komwe abale athu amapha nsomba. Alangizi aboma okha sangafike paliponse. Ine ndikuti aphunzitse asodzi ndi makomiti am'midzi kulemba m'kabuku mlingo wa madzi ndi nsomba zomwe agwira, makamaka mu Okutobala madzi akaphwera.